Kamgolo ka Ornella

Msuweni wanga Arrigo Gibertoni anabadwira m'chipinda cha alendo mu hotela ya makolo ake, ndipo mpaka lero amati mlendo amene anagona m'chipinda choyandikana nacho anadandaula za phokoso koma sanasamuke. Nkhani imeneyi amauza mlendo aliyense, ngakhale amene sanafunse. Ine Nerina ndaimva zaka zonse zimene ndaphika mu hotela imeneyo, kuyambira ndili mtsikana mpaka pano pamene mawondo anga amalira ndikamakwera masitepe. Arrigo ndimamudziwa kuposa mmene amadzidziwira yekha. Ndi munthu waukhondo, saba, sanama, koma ndi wouma mutu moti ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula amayamba watuluka kaye kuti akaione yekha.

Hotela yathu ili mu mzinda wa Carpi, kuseri kwa makhonde a bwalo lalikulu, m'kamsewu kopanikizika koti galimoto ziwiri sizingadutsane. Anaiyambitsa ndi malume anga a Oreste ndi akazi awo a Dirce, makolo a Arrigo. A Oreste anabwera mu ukwatiwo ndi nyumba yong'aluka imene bambo awo anawasiyira. A Dirce anabwera ndi migolo isanu pa ngolo ya ng'ombe. Mukafunsa aliyense wa m'kamsewu kathu kuti pa awiriwa anabweretsa chuma ndani, akuuzani kuti a Dirce.

Paja kwathu kuno mwana wamkazi akabadwa, bambo ake amamuikira migolo yamatabwa m'chipinda cha kudenga, kuyambira waukulu mpaka kakang'ono, n'kuthiramo madzi a mphesa owiritsa. Mwanayo akamakula, viniga nayenso amakula. Sindikunena uja wamadzimadzi wa m'sitolo ayi, koma wakuda bii, wolemera ngati uchi, wotsika pa sipuni mwaulesi. Nyengo yozizira iliyonse umatapa pang'ono m'kamgolo kakang'ono, n'kukadzazanso ndi wa mu mgolo wotsatira, wotsatirawo n'kuudzaza ndi wa mu unzake, mpaka waukulu uja umene umalandira watsopano. Kamgolo kakang'onoko sikauma, ndiye kuti m'kati mwake mumakhalabe dontho la chaka chimene mwanayo anabadwa. Tsiku la ukwati migolo imatsika n'kumutsatira kwa mwamuna wake. Imatuluka pakhomo kamodzi kokha, ndipo ikatuluka sibwereranso. Bambo akaitulutsa ndiye kuti wavomera ukwatiwo pamaso pa anthu onse, ndipo zimenezo sangazibweze.

A Dirce migolo yawo ankailondera kuposa ana awo. Nthawi ya nkhondo asilikali atalanda hotelayo, anatenga matiresi, nkhumba ndi mapoto. Atafika pa chitseko cha kudenga anapeza a Dirce ataima pamenepo, atatseka pakamwa ndi nsalu, akuti muli wodwala chifuwa chachikulu. Fungo lowawasa limene linkatuluka pansi pa chitseko linawathandiza bodza lawo, asilikali aja n'kutsika chothamanga. Nkhondo itatha mzinda wathu unayamba kuluka majuzi, ndipo ogula majuzi ochokera kutali ankadutsa mahotela a mabafa abwino kudzagona pa mabedi athu olira, chifukwa akatha kudya a Dirce ankabwera ndi kabotolo n'kudonthezera aliyense madontho atatu pa kachidutswa ka tchizi. Kupempha lachinayi kunali kudziputira mwano. Chithunzi chawo chinali pa khoma la polandirira alendo, nkhope itakwinyika ngati wina wangopempha kumene lachinayilo.

Arrigo anakulira pansi pa chithunzi chimenecho. Sanaphunzire kwambiri, sanayende kutali, ku nyanja anapitako ndi mkazi wake Wilma atangokwatirana n'kubwerako msanga poopa kuti alendo akusowa matawulo. Atabadwa mwana wake woyamba, Ornella, ndinamuona munthu wamkulu akulira m'khitchini mwanga, mamina ali chuchuchu. Sabata yomweyo anagula migolo isanu yatsopano, n'kuiyala kudenga moyang'anizana ndi ya mayi ake. Anatapa kapu imodzi m'kamgolo ka a Dirce n'kuithira mu yatsopanoyo poyambira, ndipo pa kamgolo kakang'ono anawotchapo chilembo O ndi chitsulo chamoto. Mwana wachiwiri, Ivano, atabadwa, anangogula vinyo n'kumwa ndi anzake, popeza mwana wamwamuna saikiridwa kanthu kudenga. Iye amasiyiridwa nyumba.

Ornella anakula ali mwana wa bambo ake. Ankakwera nawo kudenga atanyamula nyale, ndipo anali yekhayo wololedwa kunyambita sipuni. Kenaka mu hotela munabwera Saverio, mnyamata wa kummwera, wa ku Calabria, kudzagwira ntchito yonyamula zikwama za alendo. Anali wofatsa, wa manja akuluakulu, wodya tsabola ngati alibe lilime. Ine ndinaona msanga kuti Ornella wayamba kutsikatsika ku khitchini nthawi imene Saverio akudya, koma ndinatseka pakamwa. Wilma anali atamwalira kale nthawi imeneyo, ndipo munthu wina woti n'kumufewetsa Arrigo panalibe.

Atamva kuti awiriwo akufuna kukwatirana, Arrigo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti mwana wa a Gibertoni sapita kwa anthu a kummwera amene amathira viniga wa m'sitolo pa letesi, ndipo Saverio asaonekenso pakhomo. Ornella anati akwatiwa basi. Tsiku la ukwati Saverio anabwereka kalole, n'kukaimika pakhomo pa hotela monga mwa mwambo, chitseko chakumbuyo cha kaloleko chili chotsegula, bulangete atayala kale pansi poti migolo isagubuduke. Kamsewu konse kanali m'mawindo. Ornella anaima pafupi ndi kaloleko atavala zoyera, akuyang'ana pakhomo. Arrigo anakwera kudenga, tonse tinamva mapazi ake, ndipo ine mtima unakhala pansi poganiza kuti wagonja. Kenaka tinamva kiyi akuzungulira. Anatsika chimanjamanja, kiyi atamukoloweka pa chingwe m'khosi, n'kupita kukapinda matawulo.

Kalole kanachoka kopanda kanthu. Manyazi amenewo kuno sitiiwala. Ornella sanapondenso pakhomo pathu, ngakhale kuti ankakhala kuseri kwa njanji, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi.

Chimene chinkandipsetsa mtima ndi chakuti Arrigo sanaisiye migolo ya mwanayo. Nyengo yozizira iliyonse ankakwera, n'kuidzaza mmene imadzaziridwa, n'kusintha tinsalu totseka pa mabowo ake apamwamba, n'kubwezerapo miyala ya mumtsinje imene timatsindikira tinsaluto. Koma m'kamgolo ka O sanatapemo ngakhale dontho. Alendo ankadya wa a Dirce yekha. Chaka china ndinakwera dala ndi mawondo angawa n'kumupeza akukapukuta ndi malaya ake.

"Iwe Arrigo, ukuweta ng'ombe yoti sudzaikama?" ndinamufunsa.

"Pita ukaone msuzi wako, Nerina, ukupserera."

"Msuzi wanga uli bwinobwino. Mwana wako sali ku America, ali kuseri kwa njanji apa. Muitane adzatenge zake."

"Ndilibe mwana kuseri kwa njanji ine."

"Nanga ukusamalira za ndani? Za mphaka?"

Anangotsindika mwala pa kansalu, n'kundiuza kuti ndikamatsika ndigwire khoma chifukwa alibe nthawi yotola nkhalamba pansi pa masitepe. Zaka zoposa makumi awiri zinadutsa chomwecho. Ivano anakula, n'kutenga ntchito ya polandirira alendo, n'kuika chithunzi cha agogo ake pa intaneti. Alendo tsopano ankabwera ndi makamera kudzaona migolo ya mayi amene anapusitsa asilikali. Hotela yonse inkaimira pa nkhani imeneyo, chifukwa mabedi anali omwe aja olira.

Ndiye kunabwera chivomezi. Choyamba chinatigwedeza n'kutisiya ndi ming'alu m'makoma, tinkati zatha. Chachiwiri chinabwera patapita masiku, m'mawa, ine ndikukanda ufa. Tebulo linandithawa m'manja. Mbale zonse za a Dirce zinatsika pa shelefu nthawi imodzi, ndipo pansi pankayenda ngati wina akukoka mkeka ndili pomwepo. Tinatulukira pa msewu tili mbuu ndi fumbi, alendo ena opanda nsapato. Tsiku lomwelo anatseka pakati pa mzinda ponse ndi zingwe zofiira, apolisi n'kuima m'makona. Ife anatipititsa ku matenti pa bwalo la mpira. Pansi sipanasiye kunjenjemera, pankati pakhala bata pang'ono kenaka n'kuyambiranso, moti munthu ukagona pa kabedi ka m'tenti sunkadziwa ngati ndi nthaka kapena ndi mtima wako.

Oyeza nyumba anabwera kudzatiuza kuti makoma a hotela angakonzeke, koma mtanda waukulu wa denga wathyoka ndipo wangotsamira pa khoma. Kugwedezeka kwina kwamphamvu ndiye kuti denga lonse lakhala pansi pa chipinda cha migolo. Arrigo anamvetsera ali chilili, dzanja lili pa chifuwa pamene panali kiyi. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya.

Ornella ankabwera ku matentiko masana alionse, koma sankalowa. Ankaima pa geti ndi poto wokulungidwa mu nsalu, n'kutuma wina kuti andiitane. Anali atayamba imvi, nkhope yake ngati ya pa chithunzi chija.

"Azakhali, ali bwanji?"

"Lowa ukawafunse wekha, miyendo uli nayo."

"Anandiitana?"

"Iwe ndi bambo ako munaumbidwa ndi dothi limodzi, louma gwa."

"Muwapatse msuziwu. Musanene kuti wachokera kwa ine."

Arrigo ankaudziwa msuziwo ndi fungo lokha, poti munali tsabola. Ankaukankhira kumbali.

Kenaka anatilengezera kuti ozimitsa moto aziperekeza anthu okhala m'nyumba zotsekedwazo, awiri pa nyumba, kukatenga mankhwala ndi zovala, mongolowa n'kutuluka. Okhala mu hotela tinali ine ndi Arrigo, Ivano anali ndi nyumba yake kwina. Madzulo a tsiku limenelo Ivano anadzakhala pa kabedi ka bambo ake, akulankhula motsitsa mawu kuti a tenti yoyandikana asamve.

"Bambo, zovala tigula zina. Chimene sitingagule mukuchidziwa. Migolo ikuluikulu ndi yosanyamulika, koma kakang'ono ka agogo munthu mmodzi akhoza. Kakapulumuka kameneko tidzayambiranso zonse, hotela idzatsegulidwa. Kakapita, tatsala ndi chiyani? Mabedi?"

"Ndamva."

"Ndipatseni kiyi ndilowe ine. Ndinena kuti ndimagona momwemo."

"Kudenga kwa amayi anga sikulowa munthu ndi bodza."

"Nanga inu mukawauza zoona ozimitsa motowo? Kudenga salola, bambo."

"Ndati ndamva, Ivano."

Za migolo inayo palibe anatchula. Ine ndinkamuyang'ana Arrigo, iye akuyang'ana nsapato zake. Kudenga kunali timigolo ting'onoting'ono tiwiri, ndipo nkhalamba ya zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri singanyamule tonse. M'mawa mwake, tisananyamuke, ndinabwereka foni n'kumuuza Ornella kuti bambo ake akukalowa mu hotela. Sindinamupemphe kuti abwere.

Wotiperekeza anali bambo wina wa ndevu zaimvi, dzina lake Fulvio, wochokera ku mapiri a kumpoto. Anativeka zipewa zolimba n'kutiuza kuti tiziyenda pakati pa msewu, kutali ndi makoma. Mzinda unali zii. Pa bwalo lalikulu pamene masiku onse pamakhala njinga ndi phokoso la msika, tinkamva mapazi athu okha ndi nkhunda. Mashopu anali monga anawasiyira, kapu ya khofi ili pa tebulo, njerwa zili mbwee pansi pa makhonde.

"Pansi pokha ndi chipinda chanu chogona, bambo," anatero Fulvio titafika pakhomo. "Kudenga kokhako musayerekeze. Ndikati tuluka, mutuluke ngakhale mutagwira buluku mwendo umodzi."

"Chabwino, achimwene," anayankha Arrigo mofatsa. Kufatsa kumeneko ndinkakudziwa.

Chithunzi cha a Dirce chinali chitagwa chafufumimba, galasi litasweka. Arrigo anachidutsa osawerama. Fulvio ananditsatira ku kachipinda kanga kuseri kwa khitchini poti chitseko chinali chitakanirira, ndipo pamene ankachikankha ndi phewa, ndinamva mapazi akukwera, akupitirira pa chipinda chogona, akukwerabe. Fulvio nayenso anamva. Anatukwana m'chilankhulo cha kwawo n'kuthamangira ku masitepe, akundikuwira kuti nditulukire panja. Ine panja sindinapite. Mankhwala anga ndinawaiwala pomwepo, n'kuyamba kukwera pambuyo pake, ndikugwira khoma long'aluka, fumbi likundilowa m'kamwa.

Fungo linandipeza ndisanafike. Mgolo waukulu wa a Dirce unali utagubuduka n'kusweka, viniga atayenderera pansi ponse, wakuda, womata nsapato. Matailosi a denga anali atagwera m'kati ndipo dzuwa linkalowa pa chibowo. Mtanda uja unali utapindika pamwamba pa mitu yathu, nsonga yake ikungokhudza khoma, ndipo unkalira pang'onopang'ono ngati chitseko chakale. Arrigo anaima pakati. Kudzanja lake lamanja kunali kamgolo ka mayi ake, kakuda ndi ukalamba, kamoyo. Kumanzere kunali ka O, nakonso kamoyo, mwala wake udakali pa kansalu.

"Bambo, tulukani pompano!" anakuwa Fulvio ali pa chitseko. "Mukufuna ndikauze chiyani ana anu?"

Arrigo sanatembenuke.

"Arrigo, tenga chimene wabwerera tizipita," ndinatero. "Sindinaphike zaka zonsezi kuti ndidzafere mu viniga ine."

Pansi panagwedezeka. Sikunali kwamphamvu, koma dothi linathothoka pa khoma pamene mtanda unatsamira, ndipo mtandawo unatsika pang'ono tonse tikuona. Fulvio anandigwira pa mkono mpaka zala zake zinandisiyira zipsera. Arrigo anapita kumanja. Anaika dzanja pa kamgolo ka mayi ake, n'kukasisita monga umasisitira mutu wa wodwala, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Ndinkadikira kuti awerame akanyamule. M'malo mwake anakonza kansalu kake kamene kanali katapendekeka, n'kubwezerapo mwala bwinobwino. Kenaka anatembenuka n'kukumbatira ka O.

"Iwe, ukudziwa chimene ukuchita?" ndinamufunsa. "Kameneko kakatuluka pakhomo sikabwereranso."

"Choka pa njira, Nerina."

Kamgolo kotere sikanyamulidwa ngati thumba. Bowo lake lili pamwamba, lotseka ndi kansalu kokha, ndiye uyenera kukagwira chogona, kosapendekeka, ngati khanda. Ndipo n'kolemera kuposa mmene kamaonekera. Arrigo anakakweza pa chifuwa, mitsempha ya m'khosi ili tototo, n'kuyamba kutsika. Fulvio anali kutsogolo akuyenda chobwerera, manja atatambasula. Ine ndinali kumbuyo nditagwira lamba wa msuweni wanga, ngati kuti ndikanatha kumuletsa kugwa. Masitepe a kudenga ndi opapatiza ndipo amakhota. Tili pokhota pomwepo nyumba inagwedezekanso, Arrigo anadzandira, kamgolo n'kumenya pa ngodya ya khoma. Ndinamva kuti thee.

Thabwa limodzi la m'mbali linali litang'aluka. Viniga anayamba kutuluka, mzere wakuda ukutsika pa malaya ake oyera. Arrigo anapanikiza chikhatho pa mng'aluwo, kulemera konse n'kutsalira pa mkono umodzi ndi pa mimba.

"Ndipatseni ndinyamule ine," anatero Fulvio.

"Ndikachotsa dzanja atayika."

"Atayike! Ndi viniga, bambo!"

Arrigo anangomuyang'ana. Fulvio sanabwerezenso, anangolowetsa dzanja lake pansi pa kamgolo kuti achepetse kulemera, ndipo tinatsika chomwecho, anthu atatu okalamba titamatirirana ngati nkhanu imodzi. Pa khomo lakunja Arrigo anaima. Ndinaona phazi lake likuzengereza pa khomo lomwe lija pamene kalole kaja kanaima. Kenaka anaponda panja, n'kuuza Fulvio kuti achotse dzanja, poti kuyambira apa anyamula yekha.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa msewu, mpweya ukulira m'chifuwa, nkhope itachita kufiira kenaka kutuwa. Viniga ankadutsa pakati pa zala zake, kutsikira ku chigongono, n'kumadontha pa miyala ya msewu. Tisanatuluke pa bwalo lalikulu nthaka inagwedezeka kachitatu, mwamphamvu ndithu, nkhunda zonse n'kuuluka. Kumbuyo kwathu kunamveka chiphokoso chachikulu, ndipo nditacheuka ndinaona fumbi likukwera kuchokera m'kamsewu kathu. Fulvio anavula chipewa n'kudzipukuta thukuta. Arrigo sanacheuke, koma mapewa ake anagwa ngati amenyedwa ndi ndodo.

Pa chingwe chofiira panali anthu ambiri odikira abale awo. Ivano anali kutsogolo. Nayenso anali ataona fumbi lija, ndipo atationa tikubwera amoyo, kamgolo kali pa chifuwa cha bambo ake, anadumpha chingwe wapolisi akumukuwira, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Mwakapulumutsa! Bambo, mwakapulumutsa! Bweretsani kuno, mwatopa."

Anafika pafupi, manja ali m'mwamba. Kenaka anaona mtundu wa matabwa. Anaona chilembo chija. Manja ake anatsika okha.

"Ka agogo kali kuti?"

"Kali kwawo."

"Kwawo kuti? Denga lagwa, bambo! Simunamve? Mwasiya agogo pansi pa denga n'kutenga ka munthu amene sanapondepo pakhomo zaka zonsezi? Ine ndakhala nanu tsiku ndi tsiku! Hotela tidzaitsegula ndi chiyani?"

"Ka amayi kanafika kale kumene kankapita," anatero Arrigo mawu akuduka. "Aka sikanafike."

Ivano anandiyang'ana ngati ndine ndinapanga zonsezi. Ndinamumvera chisoni mwana uja, chifukwa sankanama, ndipo chimene anataya tsiku limenelo palibe akanamubwezera. Anatembenuka n'kudutsa pakati pa anthu osayang'ana kumbuyo.

Ornella anali chakumapeto, pafupi ndi galimoto yawo, Saverio ali pambali pake atavula chipewa. Wapolisi anakweza chingwe kuti tidutse. Anthu a m'kamsewu kathu analipo ambiri, ena omwe aja anali m'mawindo tsiku la ukwati, ndipo onse anapatuka. Arrigo anayenda mpaka pamaso pa mwana wake. Malaya ake onse akutsogolo anali bii.

Anayang'anana. Ine ndinkapemphera kuti mmodzi wa iwo atsegule pakamwa nkhalambayo isanagwe.

"Inali isanu," anatero Ornella.

"Ndi kokhaka ndakwanitsa."

"Kachedwa."

"Kachedwa, inde."

Ornella anayang'ana kamgolo, n'kuyang'ana fumbi limene linkakwerabe kuseri kwa madenga. Manja ake anali m'matumba a juzi, ndipo sanawatulutse. Mkono wa Arrigo unayamba kutsika, kamgolo n'kupendekeka, mwala uja n'kutsetsereka pa kansalu kugwera pansi. Saverio anasuntha phazi koma anaima, poti palibe anamuitana. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuwamenyanitsa mitu onse awiri.

"Munatapamo kangati?" anafunsa Ornella.

"Si kanga."

Pamenepo nkhope ya Ornella inafewa. Anatulutsa manja, n'kulowetsa mkono umodzi pansi pa kamgolo, ndipo atamva kulemera kwake anapuma mwamphamvu n'kuitana mwamuna wake kuti agwire mbali inayo. Saverio anagwira. Kulemera konse kunachoka pa Arrigo, koma chikhatho chake chinali chikadali pa mng'alu, zala zitauma pomwepo.

"Chotsani dzanja, bambo."

"Pang'aluka apa. Ndikachotsa atayika."

"Ndaona. Chotsani."

"Watayika kale wambiri, mwanawe. Ndinayesetsa."

Ornella anaika chikhatho chake pamwamba pa cha bambo ake, viniga n'kumudetsa mpaka pa mkono wa juzi.

"Sololani lanu pang'onopang'ono," anatero. "Langa lili pomwepo."